Mapiritsi okha ndi theka la chithandizo cha schizophrenia

Tsiku la 10 Okotobala likamayandikira, pamene dziko lonse limakumbukira za thanzi la m'maganizo, mkangano wakale umabukanso pa mawailesi, m'matchalitchi ndi m'mabanja momwe muli wodwala misala. Ena amati wodwala schizophrenia amangofunika mapiritsi ndi jakisoni, ndipo zokhala naye pansi n'kumakambirana ndi zotayitsa nthawi, za anthu akunja amene ali ndi ndalama zoseweretsa. Ena amati mankhwala a ku Mental ndi amene amamaliza munthu, kumusiya akungogona ndi kuchucha dovu, choncho bola uphungu, pemphero ndi chikondi cha abale. Maganizo anga ndi akuti mankhwala ndi chithandizo cha kukambirana ziyenera kuperekedwa limodzi kuyambira mwezi woyamba, ndipo chipatala chimene chapereka mapiritsi n'kutsanzika banja osaliphunzitsa kanthu sichinamalize ntchito yake. Mankhwala ndiwo oyambira, zimenezo sindikubisa. Koma kuno kwathu mbali imene ikusowa kwambiri ndi yachiwiriyo, makamaka kuphunzitsa banja, ndipo ndi mbali imene tingaikwanitse osadikira akatswiri amene tilibe.

Choyamba tigwirizane za matenda amene tikukamba, chifukwa si misala yonse imene ili schizophrenia. Munthu amene wasokonezeka mutu m'masiku awiri okha, thupi likutentha, osadziwa kumene ali, angakhale ndi malungo aakulu, matenda oumitsa khosi kapena khunyu, ndipo ameneyu afunika kupimidwa msanga ndi kugonekedwa m'wodi. Schizophrenia imakonda kubwera pang'onopang'ono, kawirikawiri munthu ali pakati pa zaka 18 ndi 30, ndipo mu 2022 bungwe la WHO linati inali ndi anthu pafupifupi 24 miliyoni pa dziko lonse, kutanthauza mmodzi mwa anthu 300. Zizindikiro zake zili m'magulu atatu. Pali zimene aliyense amaziona: kumva mawu amene ena sakuwamva, kukhulupirira kotheratu kuti aneba akuthira tameki m'ndiwo kapena kuti wailesi ikunena za iye, kuyankhula zosalumikizana. Pali zobisika: kusowa chidwi, kusasamba, kudzipatula, nkhope yosaonetsa chimwemwe kapena chisoni. Ndiye pali kufooka kwa kaganizidwe, monga kuiwala ndi kulephera kuika mtima pa ntchito imodzi. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika pa mkangano wathu, chifukwa mankhwala amagwira mwamphamvu gulu loyamba, koma pa magulu awiri enawo mphamvu yake ndi yochepa, pamene magulu amenewo ndi amene amalepheretsa munthu kubwerera kusukulu kapena kumunda.

Tiyambe ndi amene amati mankhwala okha ndi okwanira, chifukwa mfundo yawo ili ndi maziko enieni. Chlorpromazine atayamba kugwiritsidwa ntchito ku Paris mu 1952, ndi haloperidol atapangidwa ku Belgium mu 1958, anthu amene akanafera m'zipinda zokhoma anayamba kubwerera kwawo. Mankhwalawa amachepetsa mphamvu ya dopamine (chinthu chachilengedwe chotumiza mauthenga muubongo), imene muubongo wa wodwala imachititsa kuti zinthu wamba, monga galimoto yoima pamsewu, zioneke ngati zili ndi uthenga wapadera kwa iye. Mu 2012 Stefan Leucht ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku 65 ndipo anapeza kuti pa chaka chimodzi, matenda anayambiranso mwa odwala 27 mwa 100 amene anapitiriza mankhwala, poyerekeza ndi 64 mwa 100 amene anapatsidwa mapiritsi opanda mankhwala. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu, ndipo palibe uphungu umene paokha unaonetsapo mphamvu yotere. Malangizo a WHO otchedwa mhGAP, amene anamwino ndi madokotala a m'maboma amaphunzira, amati ayambe ndi mankhwala amodzi pa mlingo wochepa: haloperidol 1.5 mpaka 3 mg pa tsiku, risperidone 1 mg n'kukwera kufika pakati pa 2 ndi 6 mg, kapena chlorpromazine 25 mpaka 50 mg n'kukwera kufika pakati pa 75 ndi 300 mg. Tulo ndi kudekha zimabwera m'masiku ochepa, koma mawu ndi zikhulupiriro zimazilala pa masabata, n'chifukwa chake mankhwala sanenedwa kuti alephera asanamwedwe masabata 4 mpaka 6 pa mlingo wokwanira.

Komabe, ziwerengero zokongolazi ndi za anthu amene akumwadi mankhwalawo, ndipo apa m'pamene mfundo ya "mapiritsi okha" imagwera. Ku United States, kafukufuku wamkulu wotchedwa CATIE, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2005, anapeza kuti odwala 74 mwa 100 anasiya mankhwala amene anayamba nawo isanakwane miyezi 18. Kumeneko n'kudziko kumene mankhwala sasowa ndipo chipatala sichili mtunda wa maola atatu pa njinga. Zifukwa zosiyira n'zodziwika. Matendawa pawokha amamuuza munthu kuti sakudwala. Akayamba kupeza bwino, abale amati wachira, ndipo botolo limaiwalika pawindo. Mnyamata amene risperidone wamufooketsa m'nyumba sanena kwa namwino pamzere wa anthu 60, amangosiya mwakachetechete. Mtsikana amene wasiya kusamba kumwezi kapena akutuluka mkaka asali woyembekezera amaopa kuti sadzabereka. Mlimi amene chlorpromazine akumuchititsa chizungulire akadzuka, ndi kumuwotcha khungu padzuwa, amasankha munda. Zonsezi zili ndi yankho, kuchepetsa mlingo, kusintha mtundu, kumwa usiku, kuvala chipewa ndi malaya a manja aatali, koma yankho limapezeka pokhapokha pali munthu amene wakhala pansi n'kufunsa. Ngakhale jakisoni wa fluphenazine, amene amayamba pa 12.5 mg n'kumabayidwa pa masabata 2 mpaka 4 alionse, sathetsa vutoli, chifukwa wodwala ayenera kuvomera kubwera pa tsiku lake.

Chifukwa chachiwiri n'chozama kuposa chimenechi, ndipo ndi chimene chimandichititsa kuika banja patsogolo. Ku London, wofufuza George Brown anaona kuti odwala ena amadwalanso msanga akabwerera kwa makolo kapena kwa akazi awo kusiyana ndi akakakhala kwina. Mu 1976 Christine Vaughn ndi Julian Leff anaphatikiza zotsatira zawo ndi za Brown, odwala 128, n'kuona zimene zinachitika m'miyezi 9 atatuluka m'chipatala. M'nyumba zodekha, odwala 13 mwa 100 anadwalanso. M'nyumba zimene munali kudzudzula kosalekeza, chidani, kapena kumuyang'anira wodwala mopitirira muyeso, anali 51 mwa 100. Choopsa kwambiri chinali kwa amene ankakhala maso ndi maso ndi abale oterewa maola oposa 35 pa sabata: osamwa mankhwala anadwalanso 92 mwa 100, ndipo ngakhale akumwa mankhwala, oposa theka anadwalanso. Apa palibe kuimba mlandu makolo. Banja silibweretsa schizophrenia, ndipo mayi amene amakalipa amakalipa chifukwa watopa ndipo palibe anamuuza kuti kugona mpaka 11 koloko ndi chizindikiro cha matenda. Taganizani za khonde la m'mawa. Bambo akuti, "Anzako ali ku yunivesite, iwe ukungodya nsima ya ulere." Mayi akuyankha, "Musiyeni mwana wanga," kenaka akumulanda tsache m'manja, akumutsatira mpaka kuchimbudzi, akumuyankhira funso lililonse. Onse awiri amamukonda, ndipo onse awiri akukweza mwayi woti mwanayo abwerere ku Zomba. Leff ndi anzake atayesa kuphunzitsa mabanja otere mu 1982, pa kafukufuku wochepa wa mabanja 24 momwe odwala onse anali pa mankhwala, theka la odwala a m'mabanja osaphunzitsidwa anadwalanso m'miyezi 9, pamene m'mabanja ophunzitsidwa anali 9 mwa 100. Kafukufuku wambiri wotsatira m'maiko osiyanasiyana, kuphatikizapo China, watsimikiza kuti kuphunzitsa banja kumachepetsa kudwalanso ndi kugonekedwanso.

Popeza ambiri akamva "uphungu" amaganiza za mawu otonthoza chabe, ndifotokoze zimene zimachitikadi. Bungwe la NICE, lolemba malangizo a chithandizo ku Britain, limati banja likumane ndi wothandiza kosachepera ka 10, pa nthawi ya miyezi 3 mpaka chaka, wodwala ali pomwepo ngati n'kotheka. Mikumano yoyamba ndi yofotokoza matendawa ndi mankhwala, ndi kumva zimene banja limakhulupirira. Kenaka amalemba zizindikiro zochenjeza za munthu ameneyu payekha, chifukwa aliyense ali ndi zake: wina amasiya kugona masiku atatu, wina amatseka mawindo masana, wina amayamba kukana chakudya chophika mlamu wake. Pafupi ndi chizindikiro chilichonse amalemba chochita, ndi woti aimbiridwe foni. Pambuyo pake amaphunzira kayankhulidwe: munthu mmodzi aziyankhula pa nthawi imodzi, mawu afupiafupi, pempho limodzi lomveka. "Yohane, ukatunge chigubu chimodzi cha madzi tisanadye" imagwira ntchito pamene "uzithandizako pakhomo pano" imangobala mkangano. Amaphunzira kusatsutsana ndi zikhulupiriro za wodwala komanso kusazivomereza, kungoti, "Ndikuona kuti ukuchita mantha. Ine mawuwo sindikuwamva." Chomaliza ndi njira yothetsera mavuto pamodzi: kutchula vuto limodzi, aliyense kupereka maganizo popanda kunyozedwa, kuona ubwino ndi kuipa kwa lililonse, kusankha limodzi, kugawana zochita, ndi kuonanso pakatha sabata. Zikumveka zophweka, koma banja limene lakhala zaka zitatu likungokalipirana silizichita lokha popanda wolitsogolera.

Palinso chithandizo cha wodwala payekha, chotchedwa CBT, chomuthandiza kuunika maganizo ndi zochita zake pokambirana, chimene NICE imati chikhale mikumano yosachepera 16. Wothandiza sauza wodwala kuti akunama. Tiyerekeze ndi bambo amene amakhulupirira kuti amayi a pamjigo akamaseka amakhala akuseka iye. Amafunsidwa kuti pa 100 akutsimikiza zingati, ndipo amati 95. Amafunsidwa zina zimene zingaseketse amayi pamjigo, ndipo movutikira amatchula ziwiri. Amagwirizana kuti sabata imeneyo akhale patali pomwe sakuoneka, awerenge kuti amayiwo aseka kangati iye kulibe. Akabwera n'kunena kuti anaseka kasanu, chitsimikizo chimatsika mwina kufika pa 70, ndipo 70 ndi yokwanira kuti munthu adutsenso njira ya kumsika. Pa nkhani ya mawu, wodwala amalemba nthawi imene amakula, kawirikawiri madzulo, ali yekha, kapena atagona mochedwa, ndipo amayesa njira zowachepetsera monga kung'ung'udza nyimbo, kumvera wailesi m'makutu kapena kuyamba kucheza ndi wina. Chofunika kwambiri ndi kugwetsa chikhulupiriro choti mawuwo ali ndi mphamvu zonse. Ngati mawu anaopseza kuti akapanda kuwamvera afa usiku womwewo, ndipo kunacha ali moyo, umenewo ndi umboni woti ausunge. Max Birchwood ndi anzake ku Britain anaonetsa mu 2014 kuti njira imeneyi inatsitsa chiwerengero cha omvera mawu owalamula kuchita zoopsa kuchoka pa 46 kufika pa 28 mwa 100, ngakhale mawuwo sanathe.

Apa wina anganene kuti simungakambirane ndi munthu amene wavula zovala pamsika. Zimenezo n'zoona, ndipo n'chifukwa chake dongosolo la zinthu lili lofunika. Sabata zoyamba ndi za mankhwala, chitetezo, chakudya ndi tulo. Koma sabata zomwezo ndi pamene banja lili pachipatala, lili ndi mantha, ndipo lili lokonzeka kumva. Kulilola kupita osaliphunzitsa ndi kutaya mwayi umene subweranso mpaka wodwala atadwalanso.

Tsopano kwa amene amati mankhwala amawononga munthu. Awa sayenera kunyozedwa, chifukwa zimene amanena anaziona ndi maso. Haloperidol ndi fluphenazine angaumitse khosi ndi lilime n'kutembenuzira maso kumwamba m'masiku oyamba, makamaka kwa anyamata, chinthu choopsa kuchiona chimene abale ambiri amachiyesa chiwanda, koma chimene chimatha msanga ndi benzhexol kapena mankhwala ena a mtundu wake. Angachititse kunjenjemera ndi kuyenda mokwekwesa mapazi. Angachititse kusakhazikika kwa miyendo, munthu osatha kukhala pansi, ndipo cholakwika chofala n'chakuti wachipatala wothamanga amayesa kuti matenda akula n'kuwonjezera mlingo, pamene pamafunika kuuchepetsa. Akamwedwa zaka zambiri angabweretse kutafuna ndi kugwedeza milomo kosadziletsa, kumene nthawi zina sikutha. Olanzapine amanenepetsa ndipo angayambitse shuga, choncho sikelo, BP ndi shuga ziyenera kuyezedwa. Kutentha thupi kwambiri pamodzi ndi kuuma minofu ndi kusokonezeka ndi ngozi yofuna kusiya mankhwala ndi kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Zonsezi ndikuvomereza. Koma munthu wongogona ndi kuchucha dovu uja kawirikawiri ndi munthu amene wapatsidwa mlingo waukulu, kapena mitundu iwiri kapena itatu nthawi imodzi, n'kukhala chaka osaunikidwanso. Limenelo ndi vuto la kaperekedwe, ndipo limakula kumene mapiritsi akugwiritsidwa ntchito yokhazika chete munthu amene banja lake silinaphunzitsidwe njira ina.

Nanga uphungu wokha, popanda mankhwala? Funsoli layesedwa moona mtima. Ku Manchester mu 2018, Anthony Morrison anagawa odwala 75 m'magulu atatu, a mankhwala okha, a CBT yokha, ndi a zonse ziwiri. Kafukufukuyu anali wochepa, koma gulu la zonse ziwiri linachita bwino kuposa la CBT yokha. Mu 2023, kafukufuku wa ku England wotchedwa RADAR, wotsogoleredwa ndi Joanna Moncrieff amene iye mwini amadziwika ndi kukayikira mankhwalawa, anayesa kuchepetsa mankhwala pang'onopang'ono mpaka kusiya kwa odwala a nthawi yaitali. Patatha zaka ziwiri, moyo wawo pakati pa anthu sunapose wa amene anapitiriza, koma 25 mwa 100 anadwalanso kwambiri poyerekeza ndi 13 mwa 100. Izi sizikutanthauza kuti aliyense amwe mpaka imfa. Malangizo a mhGAP amalola kuganizira zosiya pakatha miyezi 12 zizindikiro zitatheratu kwa amene wadwala koyamba, ndi pakatha zaka zingapo kwa amene matenda anakhalitsa, mochepetsa pang'onopang'ono ndi moyang'aniridwa. Koma kusiya kotere n'kotheka bwino kumene banja likudziwa zizindikiro zochenjeza. Ndiye kuti amene amafuna mankhwala ochepa ndi amene ayenera kulimbikira kwambiri maphunziro a banja.

Kuchedwa nakonso kuli ndi mtengo wake. Nthawi imene munthu amakhala akudwala osalandira mankhwala ikatalika, kuchira kwake kumavuta. Kafukufuku wa RAISE ku United States, wa odwala 404 m'zipatala 34, anayerekeza chithandizo wamba ndi chophatikiza mankhwala, maphunziro a banja, uphungu ndi kuthandiza munthu kubwerera kusukulu kapena kuntchito. Chophatikizacho chinapambana, ndipo phindu lalikulu linaoneka kwa amene anayamba asanathe masabata 74 akudwala. Kuno kwathu, kumene wodwala amayamba wazungulira kwa asing'anga ndi kumapemphero asanaonane ndi wachipatala, masabata 74 amatha banja likufunafuna amene analodza.

Mfundo yachitatu yotsutsa imachokera kwa akatswiri enieni, ndipo ndi yolimba. Mu 2014 Sameer Jauhar ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku wa CBT n'kupeza kuti mphamvu yake pa zizindikiro ndi yaing'ono, ndipo imacheperachepera pamene oyeza zotsatira sakudziwa amene analandira chithandizocho. Sindikutsutsa. Amene amagulitsa CBT ngati machiritso akunama. Koma onani zinthu ziwiri. CBT imaperekedwa pamwamba pa mankhwala, nthawi zambiri kwa anthu amene mankhwala awasiyira mawu otsalira, ndipo cholinga chake chachikulu n'chakuti munthu asamazunzike ndi mawuwo, zimene sikelo ya zizindikiro siyeza bwino. Chachiwiri, kukayikira kumeneku kukukhudza CBT, pamene umboni wa maphunziro a banja pa kupewa kudwalanso ndi wolimba kwambiri. Kwa dziko la ndalama zochepa phunziro lake n'lomveka: yambani ndi banja, ndipo CBT ya mikumano 16 isungidwire amene mawu akuwasautsabe ngakhale akumwa mankhwala moyenera. Ena mwa amenewa, amene mitundu iwiri ya mankhwala yawakanika (ndipo otere ndi pafupifupi mmodzi mwa odwala schizophrenia atatu alionse), afunikanso clozapine, amene amathandiza kumene ena alephera koma amafuna kuyeza magazi sabata iliyonse kwa masabata 18 oyamba chifukwa angagwetse chitetezo cha m'thupi. Palibe wodwala angakwanitse ulendo wa sabata ndi sabata umenewo popanda banja lomvetsa chifukwa chake.

Mfundo imene imamveka kwambiri m'maofesi ndi yakuti tilibe anthu. Madokotala a matenda a m'maganizo m'Malawi ndi ochepa kwambiri, ndipo malo akuluakulu ogonekako odwala ndi chipatala cha Zomba Mental ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Namwino mmodzi pa boma angaone anthu ochuluka m'mawa umodzi, nanga ola la banja alitenga kuti? Yankho langa n'lakuti dziko lino linayankhapo kale funso lofanana. Ma ARV aulere atayamba mu 2004, palibe amene anati tingopereka mabotolo chifukwa tilibe akatswiri. Wodwala ankabwera ndi womuyang'anira, ankaphunzira pagulu asanayambe mankhwala, ndipo alangizi a zaumoyo ndi anzake amene ali pa mankhwala ankamutsatira akajomba. Tinadziwa kuti piritsi la moyo wonse silimwedwa popanda uphungu. N'chifukwa chiyani tikuganiza kuti munthu amene matenda ake amamuuza kuti sakudwala angamwe popanda zimenezo? Ku India, kafukufuku wa COPSI wa mu 2014 anagwiritsa ntchito anthu wamba ophunzitsidwa kuyendera mabanja, moyang'aniridwa ndi akatswiri, ndipo odwala anamwa mankhwala mokhulupirika kwambiri n'kuchepa kulumala kwawo. Ku Ethiopia, m'boma la Sodo, kafukufuku wa RISE anapezanso phindu pa njira yofanana m'midzi yosauka. Mabanja asanu kapena asanu ndi limodzi angaphunzire limodzi pansi pa mtengo pa tsiku la kiliniki, ndipo amaphunzitsana okha zambiri. Sukulu ya ukachenjede ya St John of God ku Mzuzu imaphunzitsa kale za uphungu, ndipo bungwe la odwala ndi owasamalira la MeHUCA lili ndi anthu amene anadutsamo. Ndipo tikamati uphungu ndi wodula, tiwerengenso mtengo wa kudwalanso kamodzi: mafuta a ambulansi kuchokera ku Nsanje kapena ku Mangochi kupita ku Zomba, bedi la masabata angapo, munda umene sunapaliridwe, katundu wosweka, ndi mbiri imene imatsekera munthu ntchito ndi banja.

Za ufiti ndi ziwanda sindizizemba, chifukwa ndi kumene mabanja ambiri amayambira. Wachipatala amene amaseka chikhulupiriro cha banja amalitaya tsiku lomwelo. Safunika kupambana mkangano wa chimene chinayambitsa matenda. Afunika mgwirizano pa zinthu zitatu: mankhwala asasiyidwe, wodwala asamangidwe maunyolo, kumenyedwa kapena kusalitsidwa kudya, ndipo akaipiraipira abwere naye. Dokotala wa matenda a m'maganizo Oye Gureje anayesa zimenezi ku Ibadan m'dziko la Nigeria ndi ku Kumasi m'dziko la Ghana, kumene achipatala ankapita kukaona odwala ali kwa asing'anga ndi kumalo a mapemphero n'kuwapatsa mankhwala komweko. Zotsatira za mu 2020 zinaonetsa kuti odwalawa anapeza bwino kuposa amene anasamaliridwa mwa nthawi zonse popanda mgwirizanowo. Mbusa amene amati "pempherani ndipo imwani mankhwala" ndi wothandiza wamkulu. Amene amauza wodwala kuti ataye mapiritsi posonyeza chikhulupiriro akuika moyo wa munthu pangozi, pakuti pafupifupi 5 mwa odwala 100 a schizophrenia amadzipha, ndipo nthawi zoopsa kwambiri ndi zaka zoyamba ndi masabata otsatira kutuluka m'chipatala.

Chamba ndi mowa ndi umboni wina woti piritsi silingagwire ntchito yonse. Kafukufuku wa asilikali achinyamata oposa 45,000 ku Sweden, wofalitsidwa mu 1987, anapeza kuti amene anasuta chamba koposa ka 50 anali ndi mwayi wodwala schizophrenia wochuluka ka 6. Kwa amene akudwala kale, kupitiriza kusuta kumabweza matenda ngakhale jakisoni akubayidwa pa nthawi yake. Palibe mankhwala m'famase amene amachotsa mnyamata pagulu la anzake a pamphambano. Kumuopseza sikuthandiza. Chimene chimathandiza ndi kumufunsa chimene chamba chimamupatsa, kaya ndi tulo, anzake kapena kuiwala manyazi, kumuthandiza kuona yekha kuti mawu amakula tsiku lotsatira, ndi kumupezera chodzaza maola amenewo, ngakhale kuweta nkhuku zisanu kapena kuthandiza kalipentala maola awiri pa tsiku.

Zimene ndikupempha n'zazing'ono moti Unduna wa Zaumoyo ungazilamule popanda kumanga nyumba. Wodwala aliyense akamatuluka m'chipatala kapena akamayamba mankhwala, m'buku lake la kuchipatala mulembedwe dzina la mbale amene waphunzitsidwa, zizindikiro zochenjeza za wodwalayo m'mawu ake, tsiku la mkumano wotsatira wa banja pafupi ndi tsiku la jakisoni, ndi chochita mankhwala amene amamwa akasowa kufamase, kuti asangobwezedwa chimanjamanja. Pa ulendo uliwonse afunsidwe payekha, chitseko chotseka, za tulo, kuuma kwa thupi, kusamba kumwezi, za m'nyumba ndi maganizo ofuna kudzipha. Malipoti a mwezi a m'maboma, amene amawerenga odwala ndi mapiritsi, awerengenso mabanja amene aphunzitsidwa, chifukwa ntchito imene silowa m'lipoti ndi imene imayamba kusiyidwa anthu akachepa. Ndipo inu amene mukusamalira wodwala, ulendo wotsatira musatuluke m'chipinda cha dokotala musanafunse dzina la mankhwalawo ndi mlingo wake, zovuta zimene mungayembekezere, ndi tsiku limene banja lonse lingabwere kudzaphunzira.